Ndodo Imene Ababa Anasungitsidwa

"Achemwali, kiyi wa kabokosi kaja ali kuti?"

Irmtraud sanatembenuke. Anapitiriza kusita malaya oyera amene bambo ake, a Gotthard Brennecke, ankayenera kuvekedwa Lachisanu. Kolala yake inali yothaitha, koma ndiwo malaya amene mkuluyo ankawakonda, ndipo Irmtraud sanafune kuyamba kuwasankhira zovala lero chifukwa choti sangathenso kukana.

"Kapume kaye, Volkmar. Wachokera kutali."

"Ndinapuma dzulo. Ndikufunsa za kiyi."

Volkmar anali mlongo wake wamng'ono, bambo wa zaka makumi anayi, msilikali wa nyenyezi ziwiri paphewa. Kukampu kwake, kummwera kwa dziko, akalankhula anthu mazana ankaima njo. Koma m'khitchini muno, m'katauni ka pafupi ndi Uelzen, anali yemwe uja amene Irmtraud ankamupukuta mamina, ndipo zimenezi zinkamunyansa nthawi zonse akabwera kwawo.

Bambo awo anamwalira Lamlungu masana, m'dimba kuseri kwa nyumba. Irmtraud anawapeza atakhala pachidebe chozondotsa, msana utatsamira mpanda, chipewa chitagwera pakabichi. Anayamba wawakalipira kaye kuti akugoneranji pamphepo. Anazindikira atawagwira dzanja.

Kabokosi kamene Volkmar ankafunako kankakhala pamwamba pa wadiropu kuchipinda kwa malemuwo. Kanali kakatali, kachikopa chakuda, ka loko wamkuwa. Tauni yonse inkadziwa zimene zinali m'menemo ngakhale kuti panalibe amene anazionapo. Munali ndodo ya Generalfeldmarschall, udindo umene kunalibe wina wouposa m'magulu ankhondo a Germany, umene anthu ankangoudula kuti Mashalo. Pankhondo yachiwiri ya dziko lonse a Gotthard sanali munthu wa mfuti. Anali wantchito wa Mashalo wina: kupolisha nsapato, kutenthetsa madzi osamba, kunyamula ndodoyo mwini wake akafuna manja onse awiri. Dzina la Mashaloyo m'nyumba muno silinkatchulidwa, ankangoti Bwana. Sabata yomaliza ya nkhondo, adani ali pakhomo, Bwana anawaitana n'kuwapatsa kabokosiko. "Brennecke, sunga ichi mpaka nditaitanitsa." Kenako anagwidwa, n'kukafera kundende asanaitanitse.

"Mashalo sapuma pantchito," a Gotthard ankatero munthu akawafunsa. "Ndiye lamulo lakenso silipuma. Si kanga kuti nditsegule."

Volkmar anakula ndi mawu amenewa monga ana ena amakulira ndi pemphero la pa chakudya. Kwa anthu a m'tauni, a Gotthard anali wosesa ndi wosonkha moto pasukulu ya pulayimale, munthu wa makiyi ambiri ndi mawu ochepa. Kwa mwana wawo anali munthu amene Mashalo anamukhulupirira. Usilikali anaulowera pamenepo.

"Ndalankhula kale ndi a Dettmer, apampando a bungwe la asilikali akale," anatero Volkmar. "Abweretsa mtsamiro wakuda uja. Ena amawanyamulira mamendulo kutsogolo kwa bokosi la maliro. Ababa mamendulo analibe, koma ali ndi chinthu chimene palibe wina m'boma lino ali nacho. Ndodo iyenda patsogolo pawo. Tikaika, ndikaipereka kunyumba yosungirako mbiri ya asilikali, pansi pake alembepo dzina lawo."

Irmtraud anaimika simbi.

"Ababa ananena kuti kabokosiko kapite nawo. Kotseka."

"Anakuuzani liti?"

"Masabata awiri apitawa."

Volkmar anamwetulira mwachisoni n'kupukusa mutu. "Ndi mmene analili. Kudzichepetsa mpaka kumanda. Ayi, achemwali. Zaka pafupifupi makumi anayi munthu akusunga chinthu cha mwini, anthu akumutchula kuti wamakiyi, ana asukulu akumugenda ndi chipale chofewa. Tsiku limodzi lokhali tauni ino iwavulire chipewa. Fufuzani kiyiyo."

Anatuluka. Irmtraud anatsala akuyang'ana malaya aja. Kiyi kunalibe. Ndipo iye yekha padziko lonse ndi amene ankadziwa kuti m'kabokosimo munalibenso ndodo.

Tsiku limene anamuuza za kabokosi lija, a Gotthard anali pachidebe chomwe chija, akupuma movutikira atakumba mzere umodzi wokha wa mbatatesi.

"Kiyi ndinamuponya mumtsinje kalekale," anatero. "Kabokosiko udzandiikire kumiyendo. Mnyamata uja asadzatsegule."

"Ababa, mnyamatayo ali ndi imvi. Bwanji osangomuuza?"

"Akadziwa adzayamba kudzifunsa kuti n'chifukwa chiyani iye ali moyo pamene Gudrun kulibe. Funso limenelo ndi langa, si lake. Lonjeza, Irmtraud."

Gudrun anali mwana wapakati pa awiriwa, amene anamwalira ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Irmtraud analonjeza. Chibadwire anali asanawakanirepo bambo ake chilichonse, ndipo sakanayambira pamene milomo yawo inali itayamba kubiriwira.

Lachitatu masana a Dettmer anafika, mtsamiro wakuda uli m'jumbo ya ku golosale. Anali nkhalamba ya zaka makumi asanu ndi atatu, yogontha khutu limodzi, ndipo pachifukwachi inkakhulupirira kuti anthu onse ndi ogontha. Anauyala mtsamirowo patebulo pakati pa makapu a khofi n'kuusisita ngati mphaka.

"Mtsamiro uwu wanyamula mamendulo a anthu ambiri," anakuwa, "koma ndodo ya Mashalo, ayi! Mayi Brennecke, mukudziwa kuti ndi chiyani chimenechi? M'masiku a mafumu a Prussia udindowu sunkaperekedwa wamba. Upambane nkhondo yeniyeni, kapena ulande linga la adani. Apo ayi, ukalamba ndi nyenyezi zako. Ndodo yake yokutidwa ndi nsalu ya veleveti, ziwombankhanga zagolide, timitanda, dzina lako kumutu kwake. Ukalowa nayo m'chipinda, akuluakulu onse dzuu!"

"Si paja tsiku lina wolamulira wa nthawi ya nkhondo uja anapatsa udindowu anthu khumi ndi awiri nthawi imodzi, ngati mabanzi?" anafunsa Irmtraud akuthira khofi.

"Mwati?"

"Ndati ngati mabanzi, a Dettmer. Ndipo wina anamupatsa udindowo atazingidwa ndi adani m'chipale chofewa kum'mawa kuja, kuti achite manyazi kugonja, adziphe yekha. Kumeneko ndi kupatsa munthu ndodo kapena chingwe?"

"Achemwali!" anatero Volkmar.

A Dettmer anatsokomola, nati imeneyo inali nthawi ina, ndipo amayi sangazimvetse. Irmtraud anawayang'ana nkhalambayo n'kuwakankhira shuga. Anthu ngati a Dettmer nkhondo anaiiwala yonse kupatula mabatani.

Volkmar anatsitsa mawu. "Musandimve molakwa. Nkhondo ija ndikuidziwa chimene inali, ndipo timaphunzitsa anyamata athu mosabisa. Gulu lathu lankhondo la lero udindo umenewu lilibe, ndipo ine sindiulira. Sindikunyadira Bwana. Ndikunyadira Ababa. Munthu anali ndi golide m'manja, banja lake likugona ndi njala pamwamba pa khola la nkhumba, koma sanakhudze kanthu chifukwa anali atapatsidwa lamulo. Ngakhale m'nyengo yozizira ija imene inatitengera Gudrun, sanakhudze. Anyamata atsopano akafika kukampu, nkhani yoyamba imene ndimawauza ndi imeneyi."

Khofi anasefukira m'kapu n'kuyenderera pansalu ya patebulo mpaka kukanyowetsa ngodya ya mtsamiro. A Dettmer anautsomphola akudandaula. Irmtraud anapita kukatenga kansanza, ndipo anakhalitsa kusinki, madzi akungotayika. Sanadziwe kuti nkhaniyo imauzidwa ana a eni chaka ndi chaka ngati phunziro. Zinamuwawa kuposa mmene imfa yeniyeniyo inamuwawira.

Lachinayi m'mawa anapita kubekale kukaitanitsa makeke a khofi wa pamaliro. Pobwerera, asanavule n'komwe chikhothi, anamva kuthyoka kwa chinthu kuchipinda cham'mwamba. Anakwera masitepe akudziwa kale kuti wachedwa.

Volkmar anali atagwada pambali pa bedi la bambo awo, sikuludiraiva ili m'manja. Loko anali lende. M'kabokosimo, pamalo pogona ndodo, munali chidutswa cha paipi yamadzi chadzimbiri, chokulungidwa m'thaulo lakale kuti chisamagwedere.

Volkmar anafunyulula thaulo lonse. Kenako anatembenuka, maso ali psuu.

"Ili kuti?"

"Volkmar, tamvera."

"Mumadziwa. N'chifukwa chake mumati kapite kotseka." Anaimirira pang'onopang'ono. "Ababa sananene zimenezo. Mwapeka ndinu."

"Ananena."

"Bodza! Anthu ogula zinthu zankhondo aja akhala akugogoda pakhomo pano zaka zingati? Ababa ankawathamangitsa, ndinaona ndi maso angawa. Koma iwe wakhala wekha m'nyumba muno ndi nkhalamba yodwala chimwalirireni amayi. Unadikira agone, eti? Unaba kwa bambo ako, n'kuwasiya akupukuta fumbi pakabokosi ka paipi!"

Chikhalireni Volkmar anali asanamunenepo kuti iwe. Irmtraud analimva liwulo ngati khofi la patsaya. Zaka khumi ndi chimodzi anali atawasambitsa bambo awo, kuwameta ndevu, kuwadula zikhadabo za kumapazi, kuwerengera mapiritsi m'kasosala, pamene mwana wokondedwayo ankatumiza khadi pa Khirisimasi. Mwamuna amene ankafuna kumukwatira anatopa kudikira n'kukwatira wina ku Celle. Zonsezi sanadandaulepo. Koma kuti aimirire pamanda a bambo ake mawa, mlongo wake yekhayo akumuyesa wakuba, mpaka imfa idzawalekanitse, zimenezo zinamukulira.

Irmtraud anamufulatira. Anatsika masitepe, n'kutulukira khomo lakuseri.

"Ukuthawira kuti? Ndikulankhula nawe!"

Volkmar anamutsatira m'dimba, kudutsa kabichi uja, mpaka m'kashedi ka zipangizo. Irmtraud anaima pakati pa makasu ndi mafosholo, akupempha bambo ake mumtima kuti amukhululukire. Kenako anatambasula dzanja pamsomali wa kuseri kwa chitseko n'kutsitsa chodzalira cha a Gotthard.

Chinali chitsulo chopepuka, champhako, chotalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala. Kumapeto kwake kunali msonga yamtengo yokhomerera. Dothi la Loweruka linali likadali pomwepo.

"Gwira."

"Ndichite nacho chiyani chimenechi?"

"Umafuna ndodo ya Bwana. Ndi imeneyo."

Volkmar anaseka kuseka kopanda mano. Chitsulo chimenechi ankachidziwa kuposa supuni yake. Ali mwana ankabowola nacho mapando a nyemba, bambo ake akutsatira pambuyo ndi mbewu. Anachigwiritsapo ngati lipenga, anamenyerapo nacho mphaka wa aneba.

"Yang'ana timabowo ito," anatero Irmtraud. "Unawafunsapo Ababa kuti n'ta chiyani. Anakuyankha kuti n'topumira chitsulo, iwe n'kukhulupirira."

Volkmar anachitembenuza. Timabowo tinali m'mizere yowongoka kuzungulira chitsulo chonse, totalikirana mofanana, ntchito ya mmisiri osati ya dzimbiri. Zithunzi za ndodo zoterezi anali ataziona m'mabuku kambirimbiri. Ankadziwa pamene pamakhala chiwombankhanga ndi pamene pamakhala kamtanda. Chala chake chinayenda pamizereyo, ndipo kuseka kuja kunazima.

"Khala pansi," anatero Irmtraud. "Ndinalonjeza kuti sudzamva. Ndikuphwanya lonjezo kwa munthu amene sanaikidwe n'komwe, ndiye usandidule mawu."

Volkmar anakhala pathumba la manyowa.

"Iwe unali ndi zaka zitatu, sungakumbuke. Ine ndinali ndi khumi. Tinali titathawa kwathu ku Pomerania ndi zovala za m'thupi ndi kabokosi kaja basi. Mlimi amene anatisunga pamwamba pa nkhumba zake ankatiwerengera ngakhale makoko a mbatatesi. Nyengo yozizira ya chaka chachiwiri nkhondo itatha, mitsinje inauma gwaa, madzi a m'ndowa ankagwirana tili m'nyumba. Khirisimasi itangodutsa Gudrun anayamba kutsokomola. Pasiteshoni ya sitima ku Uelzen panali munthu amene ankapezetsa mankhwala ndi mafuta a nkhumba, koma ndalama za pepala sankazifuna. Ankafuna golide.

"Amayi anagwada, Volkmar. Ndinawaona. Anagwira Ababa miyendo. 'Gotthard, kachiwombankhanga kamodzi kokha. Bwana sadzawerenga.' Ababa akulira, amvekere, 'Si zanga, Hedwig. Ndinalandira lamulo.' Ankapita kutchire kukatola nkhuni, ankapempha mkaka khomo ndi khomo, chakudya chawo ankapatsa ife. Anachita zonse kupatula chinthu chimodzicho. Masabata atatu. Gudrun anamwalira Lachitatu m'mawa, mutu uli pamwendo pangapa."

Irmtraud anayang'ana kukhomo. Panja mpheta zinkalimbirana nyenyeswa pamene a Gotthard ankazithirira tsiku lililonse.

"Nthaka inali ngati mwala. Ababa anasonkha moto pamandapo tsiku lonse kuti khasu lilowe. Titaika tinabwerera kunyumba, manja awo akuchucha magazi. Tikukwera makwerero tinamva chifuwa. Chomwe chija, kulira kwake komwe kuja. Unali iwe.

"Sanavule n'chipewa chomwe. Anatsitsa kabokosi, anabwereka pulayala kwa mlimi uja, ndodo anandigwiritsa ine pamaondo. Anazula kamodzikamodzi. Chiwombankhanga chilichonse ankachiphwanya ndi hamala mpaka chizindikiro cha chipani cholamula nthawi ya nkhondo, chimene chinali kumapazi kwake, chisaonekenso. M'mawa mwake tinakwera padenga la sitima, ine ndi iwo. Tinabwera ndi mankhwala. Sabata yotsatira mkaka, kenako mafuta, kenako ufa. Zivundikiro zagolide za kumitu, za dzina la Bwana zija, zinapita mu Malichi. Veleveti yofiira amayi anakusokera kajuzi ka pachifuwa. Kali pachithunzi chija cha pabalaza, ukumwetulira mano onse pamtunda."

"Ndiye kuti ine..." anayamba Volkmar.

"Unadya yonse. Ziwombankhanga, timitanda, dzina la Bwana. Chinatsala n'chitsulo ichi, chimene panalibe mlimi anachifuna. Nthaka itafewa Ababa anachikhomera msonga. Mapando oyamba anakabowola pamanda a Gudrun."

Volkmar anayang'ana chitsulocho ngati chikumuotcha, koma sanachitaye.

"Nkhani imene umauza ana a eni kukampu ija," anapitiriza Irmtraud, tsopano mwaukali, "ya munthu amene anasunga lamulo mwana wake akufa, ndi yoona. Inachitika masabata atatu. Ndipo masabata atatu amenewo ndi amene Ababa sanadzikhululukire mpaka Lamlungu lapitali. Manyazi awo sanali oti anaphwanya ndodo ya Bwana. Anali oti anachedwa."

"Bwanji sanandiuze? Zaka zonsezi ine ndikuwatamanda ndi chinthu chimene..." Anagwira pakamwa.

"Ankati ukadziwa udzayamba kufunsa chifukwa chimene iwe uli moyo pamene Gudrun kulibe. Ankati funsolo ndi lawo." Irmtraud anapukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. "Komanso ndisakunamize, sanali mngelo. Ankakonda mmene unkawayang'anira. Munthu wosesa zimbudzi za ana asukulu, kunyumba kuli kamwana komuyang'ana ngati mfumu. Poyamba ankati adzakuuza ukakula. Utakula unabwera ndi yunifolomu, ndiye akanayambira pati?"

Volkmar anawerama, chipumi chinagunda pachitsulo chija, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka. Irmtraud sanamuonepo akulira chichokereni ku ubwana. Anafuna kumusiya alire yekha, amve nawo kuwawa, pakuti liwu lija la wakuba linali likadamubaya. Koma dzanja lake linapita lokha pamutu wa imviwo, monga linkachitira pamwamba pa khola la nkhumba.

"Achemwali," anatero Volkmar patapita nthawi, osadzutsa mutu. "Pakamwa panga pandilakwitsa. Mundikhululukire."

"Ndamva."

"Gudrun ankaoneka bwanji? Sindinafunsepo."

"Anali ndi makutu ngati akowa. Ankakubereka kumsana ngakhale unkamulemera. Ankati ndiwe chidole chake."

Masana a tsiku limenelo Volkmar anabwezera paipi ija m'thaulo lake, anatseka kabokosi n'kukamanga ndi chingwe cha m'dimba poti loko anali atathyoka. Anapita nako yekha kumene kunali thupi, ndipo anakaika kumiyendo kwa bambo ake.

Lachisanu kunacha kwa mitambo, kamphepo kakugwetsa masamba achikasu m'njira za kumanda. A Dettmer anali ataima kale pakhomo la katchalitchi ka kumandako, mamendulo ali mbwee pachifuwa, mtsamiro uli m'manja. Kumbuyo kwawo kunali nkhalamba zina zinayi ndi mbendera ya bungwe. Anthu anabwera ambiri kuposa amene Irmtraud anawaitanitsira makeke. Mbiri inali itawanda kuti lero ndodo ioneka, ndipo ena mwa iwo a Gotthard sanawapatsepo moni.

Mapemphero atatha, onyamula bokosi ataima m'malo mwawo, Volkmar anayandikira a Dettmer atavala yunifolomu yake yonse. Anatulutsa chodzalira chija m'kati mwa chikhothi n'kuchigoneka pamtsamiro. Sanachitsuke. Kadothi kouma kanagwera paveleveti yakuda.

A Dettmer anayang'ana chitsulocho, anayang'ana Volkmar.

"Bwana Brennecke, pamaliro sitichita nthabwala!"

"Si nthabwala. Ndodo ya Mashalo ndi imeneyi."

"Nanga ziwombankhanga? Golide?"

"Ndinadya ine, a Dettmer," anatero Volkmar mokweza, kukhutu lakumva lija. "Ndili ndi zaka zitatu. N'chifukwa chake ndaima pano."

Nkhalambayo inayang'ananso chitsulocho. Nayonso inali ndi ana m'nyengo yozizira ija, ndipo tauni yonse inkadziwa kuti si onse amene anaona maluwa a chaka chimenecho. Mtsamiro unapendekeka m'manja mwake mpaka chitsulo chinafuna kugubuduka. Volkmar analandira mtsamirowo mwaulemu.

"Ndinyamula ndekha. Inu muyende pambali panga, ngati mungakonde."

A Dettmer anayenda pambali pake, ali chete koyamba m'moyo wawo.

Irmtraud ankatsatira pambuyo pa bokosi. Anamva manong'onong'o akuyenda m'khamulo ngati mphepo m'mapesi. Amene anabwerera golide anakhumudwa, ndipo zinawayenera. Koma aneba a mumsewu wawo anachizindikira chinthucho nthawi yomweyo.

"Si chodzalira cha a Brennecke icho?" ananong'ona mayi Wiebusch a nyumba yoyandikana nayo. "Ine ndinabwereka mu Meyi momwemu. Nyemba zanga zonse zija!" Ndipo mayiyo, amene m'tchalitchi monse anali wouma m'maso, anayamba kulira mokweza.

Bokosi linatsika. Aliyense anaponya dothi katatu monga mwa mwambo, anagwira chanza ana a malemu, kenako khamu linayamba kutsetserekera kunyumba ya alendo kumene khofi ankadikira. Volkmar anabweza mtsamiro kwa a Dettmer koma chitsulo chija anatsala nacho. Irmtraud ankaganiza kuti achiponya m'manda. Sanatero.

"Tiyeni, achemwali, anthu akudikira."

"Adikire. Pali ntchito imene Ababa anaisiya."

Anatsegula chikwama chake chakuda n'kutulutsa kapepala ka khaki kofufuma. Anakapeza m'thumba la jekete la bambo ake Lamlungu lija. Munali timitu ta maluwa, tonga anyezi, timene timadzalidwa mu Okutobala n'kugona pansi nyengo yonse yozizira. A Gotthard anali atagula Loweruka pamsika, monga ankachitira chaka chilichonse.

Pafupi ndi manda a mayi awo panali kamwala kakang'ono, kofika m'bondo, zilembo zake zitayamba kufufutika. Volkmar anali atakadutsa kambirimbiri. Anaima n'kuwerenga dzina la Gudrun, ndi chaka chobadwa ndi chomwalira pansi pake, pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. Kenako anakoka thalauza la yunifolomu n'kugwada padothi lonyowa.

Anazika msonga ija pansi, anakankha pang'ono, n'kuzula.

"Ayi, pamenepo ndi posaya," anatero Irmtraud. Anagwada pambali pake n'kuloza mizere ya timabowo pachitsulopo. "Ababa ankayezera apa. Mzere woyamba ndi wa nyemba. Wachiwiri ndi wa anyezi. Maluwa a Gudrun ndi mzere wachitatu."

"Kuzama chonchi?"

"Ankati kuzizira kusawapeze."

Volkmar anagwira chitsulocho ndi manja awiri, anatsamirapo ndi thupi lonse mpaka dothi linafika pamzere wachitatu. Anazula, n'kutambasula dzanja. Irmtraud anamuikira kamutu koyamba m'chikhatho.